Kodi Kwame Nkrumah anasanduka wolamulira mwankhanza, kapena azungu anangomuchita chiwembu?

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale pa sekondale ina m'boma la Dedza watifunsa kuti: "Ana anga a Fomu 4 akufuna kudziwa ngati Kwame Nkrumah wa ku Ghana anali ngwazi kapena wolamulira mwankhanza. Buku lina limati ankapondereza anthu, n'chifukwa chake asilikali anamuchotsa. Aphunzitsi anzanga akuti amenewo ndi mabodza a azungu, amene anamugwetsa ndi akazitape a America a CIA. Zoona ndi ziti?"

Aphunzitsi, ana anuwo afunsa funso limene eniake a dziko la Ghana akukanganabe nalo mpaka lero. Ine ndiyankha mosapita m'mbali. Inde, pofika mu 1964 Nkrumah anali atasanduka mtsogoleri wosatsutsika, wotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, wochotsa majaji akagamula zosamukomera. Indenso, boma la America linkafuna kuti agwe, linadziwa za chiwembu cha asilikali pafupifupi chaka chathunthu chisanachitike, ndipo linathandiza kumufooketsa. Bukulo likunena zoona, anzanuwonso akunena zoona, kungoti aliyense wagwira mbali yomukomera n'kubisa inayo.

Chimene chimawawa pa nkhaniyi n'chakuti Nkrumah sanalande mpando ndi mfuti monga anachitira Idi Amin. Anthu anachita kumusankha, ndipo anamusankha katatu ufulu usanabwere: mu 1951, mu 1954 ndi mu 1956. Chisankho choyambacho anapambana ali m'ndende ya James Fort ku Accra, atsamunda a ku Britain n'kusowa chochita, anamutulutsa kuti akatsogolere boma. Pa 6 Malichi 1957 dziko la Ghana linalandira ufulu wodzilamulira, ndipo Afirika yense wa anthu akuda anatukula mutu. M'zaka zake sukulu zinachuluka kwambiri, anamanga doko la Tema, anamanga damu la Akosombo pa mtsinje wa Volta limene likuperekabe magetsi mpaka pano. Omenyera ufulu ochokera m'maiko osiyanasiyana ankapeza pofikira ku Accra. Patrice Lumumba wa ku Congo anali nawo pa msonkhano waukulu wa anthu a mu Afirika umene unachitikira kumeneko mu Disembala 1958. Munthu amene amakonda Nkrumah ali ndi zifukwa zomveka, ndipo ine ndili m'gulu la omukondawo.

Koma tiyeni titsate malamulo amene boma lake linakhazikitsa, chifukwa umboni weniweni uli m'menemo.

M'chaka cha ufulu chomwecho, 1957, nyumba ya malamulo inaletsa zipani zokhazikika pa mtundu, chigawo kapena chipembedzo. Pa pepala lamuloli linkaoneka labwino. Koma amene linawakhudza anali otsutsa, makamaka gulu la National Liberation Movement limene linabadwira ku Kumasi mu 1954, pakati pa Aashanti okwiya ndi mtengo wotsika umene boma linkagulira koko wawo. Mu Julayi 1958 kunabwera lamulo la Preventive Detention Act, lopatsa boma mphamvu yotsekera munthu mpaka zaka zisanu popanda kumutengera kukhoti. Anthu ena atatsekeredwa anakadandaula ku khoti lalikulu, loya wawo ali J. B. Danquah, mmodzi wa atsogoleri otsutsa boma, koma mu 1961 khotilo linagamula kuti lamulolo linali lovomerezeka. Chaka chomwecho, mu Sepitembala, ogwira ntchito za njanji ndi za padoko ku Sekondi-Takoradi ananyanyala ntchito chifukwa boma linayamba kuwadula gawo la malipiro mokakamiza kuti likhale ndalama zosunga. Awa anali anthu amene anamunyamula Nkrumah pa mapewa mu 1950. Atsogoleri awo anatsekeredwa, Danquah nayenso anatsekeredwa.

Apa ndiyenera kuchitira chilungamo Nkrumah. Mantha ake sanali ongolota. Mu 1955 nyumba yake ku Accra inaponyeredwa bomba. Mu Januwale 1961 mnzake Lumumba anaphedwa ku Katanga, akuluakulu a ku Belgium atatengapo mbali, ndipo asilikali a Ghana anali m'dziko la Congo momwemo pansi pa United Nations osatha kumupulumutsa. Kumayambiriro kwa Ogasiti 1962, akuchokera kokakumana ndi mtsogoleri wa Upper Volta (imene lero ndi Burkina Faso), Nkrumah anaima pa mudzi wa Kulungugu kumpoto kwa dzikolo kuti apereke moni kwa ana asukulu a ku Ghana. Bomba linaphulika pomwepo, iye anavulala, anthu ena ambiri anavulala. M'miyezi yotsatira mabomba ena anaphulika mu Accra n'kupha anthu osalakwa. Mu Januwale 1963 Sylvanus Olympio, mtsogoleri wa dziko loyandikana nalo la Togo, anawomberedwa ndi asilikali. Pa 2 Januwale 1964 wapolisi amene ankalondera nyumba yaboma ya Flagstaff House anawombera Nkrumah yemweyo, n'kupha mlonda wake Salifu Dagarti. Munthu wakumana ndi zonsezi sangagone tulo tabwino.

Ngakhale zili choncho, chimene anachita pa mlandu wa Kulungugu ndi chimene chimandichititsa kunena kuti anadumpha malire. Anthu amene anawaganizira sanali otsutsa okha. Panali nduna zake ziwiri, Tawia Adamafio wa zofalitsa nkhani ndi Ako Adjei wa za kunja, komanso Cofie Crabbe, mkulu wa ku likulu la chipani chake cha CPP. Ako Adjei ameneyu ndi amene anauza akuluakulu a chipani chomenyera ufulu cha UGCC mu 1947 kuti aitane Nkrumah kuchoka ku London adzakhale mlembi wawo. Mlandu unakazengedwa ndi majaji atatu, wotsogolera ali mkulu wa majaji onse m'dzikolo, Sir Arku Korsah. Mu Disembala 1963 majajiwo anapeza kuti atatuwa alibe mlandu. Patangopita masiku awiri Nkrumah anachotsa Korsah pa udindo. Aphungu anathamangira kupanga lamulo lomupatsa mphamvu yofafaniza chigamulocho. Anthu omwewo anazengedwanso mlandu womwewo pamaso pa khoti lina, ndipo ulendo uno anawagamula kuti aphedwe. Iye anawachepetsera chilango kukhala zaka 20 m'ndende, koma uthenga unali utafika kwa jaji aliyense m'dzikomo: ukagamula mosiyana ndi Osagyefo (dzina laulemu la Nkrumah), wadzichotsa wekha ntchito.

Mwezi wotsatira chigamulo choyamba chija, mu Januwale 1964, kunachitika riferendamu yofunsa anthu ngati akuvomera chipani chimodzi komanso kuti pulezidenti azitha kuchotsa majaji. Boma linalengeza kuti ovomera anali 2,773,920 ndipo okana anali 2,452 okha. Inu aphunzitsi mukudziwa kuti ngakhale pa msonkhano wa makolo wa pasukulu anthu sagwirizana chotero. Mu 1965 chisankho cha aphungu sichinachitike n'komwe. Anthu onse 198 amene chipani chinawasankha analengezedwa kuti alowa popanda wopikisana nawo. Danquah, amene anamutulutsa mu 1962, anamutsekeranso mu Januwale 1964. Nkhalamba ya zaka 69, yodwaladwala, inamwalira m'chitokosi cha ndende ya Nsawam pa 4 Febuluwale 1965, osaonekerapo kukhoti. Ameneyu anali mmodzi wa atsogoleri asanu ndi mmodzi amene atsamunda anawatsekera pamodzi ndi Nkrumah mu 1948.

Kwa ife Amalawi nkhani imeneyi siyachilendo. Orton Chirwa, loya amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959, anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992 m'manja mwa boma la chipani chomwe anayambitsacho. Ndipo ubalewu si wongofanizira. Dr. Kamuzu Banda anadziwana ndi Nkrumah ku Britain, anagwira ntchito ya udokotala ku Kumasi kuchokera mu 1953 mpaka pamene anabwerera kwathu mu 1958, ndipo gulu lathu la Apayoniya linatengera zina kwa Young Pioneers a ku Ghana. Amene timakana kuti Kamuzu akhululukidwe za Orton chifukwa choti anamanga misewu ndi yunivesite, sitingakhululukire Nkrumah za Danquah chifukwa cha damu la Akosombo.

Tsono tibwere kwa anzanu aja, chifukwa nawonso ali ndi umboni, ndipo umboni wake analemba ndi Amerika eniake. Boma la America linatulutsa poyera zikalata zake zachinsinsi za nthawi imeneyo, ndipo aliyense angathe kuziwerenga pa intaneti. Zikalatazo zikuonetsa kuti mu Febuluwale 1964 akuluakulu a unduna wa za kunja ku Washington analemba ndondomeko ya mmene angachepetsere chikoka cha Nkrumah pakati pa anthu ake. Pa 11 Malichi 1965 kazembe wa America ku Ghana, William Mahoney, anakumana ndi mkulu wa CIA, John McCone, ndipo anakambirana za chiwembu chimene chinali kukonzedwa. Maina amene anatchulidwa anali a mkulu wa apolisi John Harlley ndi akuluakulu a asilikali Otu ndi Ankrah. Pa 27 Meyi 1965 Robert Komer, mlangizi wa ku White House, analembera bwana wake McGeorge Bundy kuti posachedwa ku Ghana kungachitike kulanda boma kokomera maiko a azungu, kuti okonza chiwembuwo ankawadziwitsa zonse, komanso kuti ngakhale anamuuza kuti America sinalowemo mwachindunji, iwo ndi maiko ena kuphatikizapo France anali kuthandiza kukonza zinthu pokana kumva pempho la Nkrumah la thandizo la chuma. Boma litagwa, Komer yemweyo analembera Pulezidenti Lyndon Johnson mu Malichi 1966 kuti umenewu unali mwayi waukulu, chifukwa Nkrumah ankawononga zofuna za America kuposa mtsogoleri wina aliyense wakuda mu Afirika. Mu 1978 John Stockwell, amene anagwirapo ntchito ku CIA, anaulula kuti ofesi yawo ya ku Accra inkalumikizana pafupipafupi ndi okonza chiwembuwo mpaka tsiku lake linafika.

Muwerenge bwino mawu a Komer aja. Sakudandaula za Danquah. Sakudandaula za majaji ochotsedwa kapena za chisankho chimene sichinachitike. Akudandaula za zofuna za America. Chimene chinkawapweteka mutu ndi ubwenzi wa Nkrumah ndi Soviet Union komanso China, alangizi a ku Russia amene ankaphunzitsa asilikali omulondera, mfuu yake yoti Afirika akhale ndi boma limodzi ndi gulu limodzi lankhondo, ndiponso buku lake la mu 1965 lonena za utsamunda watsopano, limene linatchula CIA ndi makampani akuluakulu a azungu mosabisa. Bukulo litatuluka, boma la America linapereka dandaulo kwa kazembe wa Ghana ndipo linakana pempho la Ghana la thandizo la chakudya. Umboni woti nkhanza sizinali nkhawa yawo uli pafupi. Mu Novembala 1965, miyezi itatu Nkrumah asanagwe, Mobutu analanda boma ku Congo ndipo azungu anamusisita pamsana kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Mu Julayi 1966, miyezi yosakwana isanu Nkrumah atagwa, dziko lathu la Malawi linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Kamuzu n'kukhala pulezidenti wamuyaya. Anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu ndi ku Dzeleka, koma thandizo linkabwerabe. Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain, anadzacheza kuno mu 1989. Maiko opereka thandizo anadzaimitsa ndalama zawo mu Meyi 1992, mkangano wa America ndi Soviet Union utatha, Kamuzu atasiya kuwapindulira.

Komabe ndikuchenjezeni kuti musauze ana kuti CIA ndiyo inachita zonse. Kunena choncho n'kunyoza anthu a ku Ghana, ngati kuti analibe maso, mimba kapena mkwiyo wawowawo. Pa nthawi ya ufulu dzikolo linali ndi ndalama zosunga kunja pafupifupi mapaundi 200 miliyoni. Pofika 1965 zinali zitatha, ngongole zitaunjikana. Zina mwa zifukwa sizinali m'manja mwa Nkrumah: mtengo wa koko pa msika wa dziko lonse unagwa koopsa, ndipo mu 1965 unafika pansi penipeni. Zina zinali zake: makampani aboma ambiri osapanga phindu, ngongole za nthawi yochepa za chiwongoladzanja chokwera, ziphuphu pa ziphaso zoitanitsira katundu, ndi nyumba yaikulu yodula imene anamangira msonkhano wa masiku ochepa wa OAU, bungwe la umodzi wa maiko a mu Afirika, mu Okutobala 1965. M'masitolo munkasowa shuga, mkaka, sopo ndi mankhwala. Amayi a m'misika ya Accra, amene anali msana wa chipani cha CPP pachiyambi, anali atatopa ndi mizere.

Asilikali ndi apolisi nawo anali ndi madandaulo awo. Wapolisi uja atawombera mu 1964, apolisi analandidwa mfuti ndipo mabwana awo ambiri anachotsedwa. Mu 1965 Otu ndi Ankrah anapumitsidwa ntchito mwadzidzidzi. Gulu lapadera lolondera pulezidenti linkalandira zida zatsopano ndi chisamaliro chabwino, pamene msilikali wamba ankavala nsapato zong'ambika. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa azungu ku Rhodesia mu Novembala 1965, mphekesera inafala yoti asilikali a Ghana atumizidwa kukamenya nkhondo kumeneko. Wakunja sakanatha kupanga mkwiyo umenewu. Anangoupeza ulipo n'kuukolezera. Mbala ya kutali imalowa m'nyumba pamene wa m'nyumbamo waitsegulira chitseko, ndipo Nkrumah anali atakwiyitsa anthu ambiri osunga makiyi.

Pali mfundo ina imene okonda Nkrumah sakonda kuitchula. Iyenso ankalowerera za maiko ena. Ku Ghana kunali misasa yophunzitsira omenyera ufulu, ndipo ena mwa ophunzirawo sankalimbana ndi atsamunda koma ndi maboma a anthu akuda anzake. Mu Epulo 1965 munthu wa chipani chotsutsa boma la Niger cha Sawaba anaponyera bomba Pulezidenti Hamani Diori wa ku Niger, ndipo Niger inaloza chala Ghana. Maiko angapo olankhula Chifalansa, kuphatikizapo Ivory Coast, Niger ndi Upper Volta, ananyanyala msonkhano wa OAU wa ku Accra chifukwa cha zimenezi.

Tsiku lenilenilo linali chonchi. Pa 21 Febuluwale 1966 Nkrumah ananyamuka ulendo wopita ku Hanoi kukayesa kuyanjanitsa mbali zomenyana pa nkhondo ya ku Vietnam. Ali m'njira, Colonel Emmanuel Kotoka ndi Major Akwasi Afrifa anatsika ndi asilikali kuchokera kumpoto, atawauza kuti akupita kokayeserera nkhondo. M'bandakucha wa pa 24 Febuluwale analanda nyumba ya wailesi, anapha Major General Charles Barwah amene anakana kugwirizana nawo, ndipo anamenyana ndi alonda a ku Flagstaff House kwa maola angapo. Nkrumah anamva nkhaniyi atatera ku Beijing, akuluakulu a ku China ndiwo anamuuza. Ku Accra anthu anakhamukira m'misewu akuvina, chiboliboli chake cha panja pa nyumba ya malamulo chinagwetsedwa n'kuduka mutu, ndipo akaidi a ndale mazanamazana anatuluka m'ndende. Chipani chimene zaka ziwiri m'mbuyomo chinati chapeza mavoti 99 pa 100 alionse sichinathe kusonkhanitsa anthu oti amuteteze. Ngakhale nduna yake ya za kunja, Alex Quaison-Sackey, amene anali naye pa ulendowo, atamutuma kwina anakafika ku Accra n'kugonjera boma latsopano.

Apa ndi pamene ndimaona mgwirizano wa mbali ziwiri za funso lanu. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Nkrumah anatsekera onse omutsina khutu, anatseka pakamwa nyuzipepala, anasandutsa aphungu oimba m'manja. Choncho panalibe woti amuuze kuti anthu atopa, ndipo panalibe njira ina yomuchotsera kupatula mfuti. Dziko likafika pamenepo, wakunja wofuna kulowerera safunika kuchita zambiri. Amangomana ngongole, n'kumamwa tiyi ndi akuluakulu a asilikali, n'kudikira. Akanakhala kuti chisankho cha 1965 chinachitikadi, mwina akanaluza mipando yambiri, koma akazitape akanasowa polowera pophweka chotero.

Kodi kugwa kwake kunabweretsa ufulu umene asilikali analonjeza? Pang'ono, ndipo kwa kanthawi. Boma la asilikali la National Liberation Council, lotsogozedwa ndi Ankrah, linathamangitsa alangizi a ku Russia ndi ku China, linatseka misasa ya omenyera ufulu, linagwirizana ndi IMF ndipo mu 1967 linatsitsa mphamvu ya ndalama ya cedi. Thandizo la chakudya limene Nkrumah anamanidwa linafika msanga. Koma boma lomwelo linaletsa chipani cha CPP, linatsekera anthu ake ambiri popanda mlandu pogwiritsa ntchito lamulo lake latsopano, ndipo mmodzi wa achitetezo a Nkrumah, Boye Moses, anamuyendetsa m'misewu ya Accra ali m'khola lachitsulo. Kotoka anaphedwa mu Epulo 1967 pamene asilikali ang'onoang'ono anayesa kulanda boma nawonso. Kofi Busia, amene anasankhidwa mu 1969, anachotsedwa ndi Colonel Acheampong mu Januwale 1972. Acheampong anachotsedwa ndi anzake mu 1978, Jerry Rawlings analanda boma mu 1979 ndi mu 1981, ndipo mu 1979 Afrifa ndi Acheampong onse anawomberedwa pa lamulo la asilikali anzawo.

Nkrumah sanabwererenso kwawo ali moyo. Sékou Touré anamulandira ku Conakry n'kumupatsa ulemu wokhala pulezidenti mnzake wa dziko la Guinea. Anamwalira ndi khansa ku Bucharest, m'dziko la Romania, pa 27 Epulo 1972. Mtembo wake unaikidwa kumudzi kwawo ku Nkroful, kenako mu 1992 unasamutsidwira ku manda aulemu pakati pa Accra. M'chaka chomwecho anthu a ku Ghana anavomereza malamulo atsopano oyendetsera dziko, amene amati pulezidenti asapitirire maulendo awiri a zaka zinayi zinayi, ndiponso amaletsa nyumba ya malamulo kukhazikitsa boma la chipani chimodzi. Mtsogoleri woyamba kupereka mpando kwa wotsutsa amene anapambana pa chisankho anali Rawlings, mu Januwale 2001, patapita zaka pafupifupi 35 chigwere Nkrumah.